Kubisa Chilangizo m'Chipwirikiti

Ntchito yojambula mavidiyo sindinaiphunzire kusukulu. Anandiphunzitsa ndi malemu amuna anga, ndipo anatero chifukwa chosowa pogwira. Iwo ankajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Zingwangwa, ku Naperi, mpaka ku Chilomoni akawaitana. Koma panali mwambo umodzi umene sankaloledwa kupondako phazi. Ndikunena chilangizo, pamene amayi amadzitsekera m'nyumba ndi mkwatibwi n'kumuuza za banja. Akwatibwi ena anayamba kupempha kuti malangizowo azijambulidwa. Ankati tsiku limenelo mutu umakhala utazungulira, manyazi ali tho, ndiye mawu ambiri amangodutsa. Ena ankakakhala ku Joni, kutali ndi azakhali awo, ndipo ankafuna kuti zinthu zikathina m'banja azitha kuwamveranso.

Mwamuna sangalowe m'chipinda chimenecho. Choncho Loweruka lina m'mawa amuna anga anandipatsa kamera n'kunena kuti, "Mukaona kadontho kofiira ndiye kuti ikujambula. Musamapume mwamphamvu, imamva." Maphunziro anga anathera pomwepo.

Pamene iwo ankamwalira n'kuti nditajambula zilangizo zambiri ndithu. Anandisiyira kamera, laputopu ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi. Amayi ankandikhulupirira. Ndinkakhala m'zipinda zimene ngakhale achemwali ake a mkwatibwi, akakhala osakwatiwa, ankatulutsidwamo. Ndinkadziwa nthawi yozimitsa kamera popanda wondikodola. Vidiyo ndikamaliza kuikonza ndinkaiika pa fulashi n'kuipereka m'manja mwa mkwatibwi mwiniwake, ndipo yotsala m'laputopu ndinkaifufuta iye akuona.

Mwa anamkungwi onse amene ndinagwira nawo ntchito, amene ankaitanidwa kwambiri anali amayi ena achikulire a ku Chilobwe, kwawo kwenikweni ku Nsanje. Kutchalitchi anali munthu wofatsa, wa mpango woyera, wokhala benchi ya kutsogolo. Koma chitseko cha chilangizo chikatsekedwa ankasintha. Ankavina, ankaseketsa, ankanena zinthu mosapsatira m'Chinyanja chawo chosakanikirana ndi Chisena, moti mkwatibwi amene wayamba ndi misozi ankapezeka akuseka. Ine ankanditchula kuti mwana wawo wa kamera.

Chaka china, patangotha milungu ingapo chichitikireni chilangizo cha mtsikana wina wa ku Naperi, ndinakwera minibasi kuchokera ku Limbe. Kumbuyo kwanga azibambo awiri ankaseka akuonera zinazake pafoni. Sindinalabadire mpaka pamene ndinamva nyimbo imene siimbidwa pabwalo. Kenako ndinamva mawu a anamkungwi aja. Kenako ndinamva munthu akutsokomola pafupi ndi kamera, ndipo munthuyo ndinali ine, chifukwa tsiku la chilangizocho ndinali ndi chifuwa. Ndinauza kondakitala kuti anditsitse ndisanafike siteji yanga. Njira yotsalayo ndinayenda wapansi.

Mmene zinayendera zinadziwika pambuyo pake. Mkwatibwi uja anatenga fulashi yake n'kupita nayo kumsika kuti akamuikiremo nyimbo. Woika nyimboyo anakopera vidiyo yonse, n'kudulapo kachidutswa kamene anamkungwi ankasonyeza kavinidwe ka m'chiuno. Kachidutswako kanadumpha foni ndi foni, gulu ndi gulu. Koma anthu m'makwalala sankafunsa za mkwatibwi kapena za wa kumsika uja. Ankafunsa kuti anajambula ndani.

Ndinapita ku Chilobwe kukapepesa. Anamkungwi ndinawapeza pakhonde akusoka thumba la makala limene linang'ambika. Sanandikalipire.

"Khala pansi, mwananga," anatero. "Ndikudziwa kuti si iwe. Koma zidzukulu zanga zaona. Lamulungu kutchalitchi ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko."

Iwo anapitiriza kusoka, kenako anati, "Kamera yako isadzalowenso m'chipinda chimene muli ine."

Anamkungwi ena atamva anachitanso chimodzimodzi. Za maukwati zinali kale m'manja mwa azibambo a makamera akuluakulu, ndiye ine kamera ndinaikulunga m'chitenje n'kuiika pamwamba pa wadiropu. Ndinayamba kuoda tomato n'kumagulitsa pamsika wa Zingwangwa. Si ntchito yochititsa manyazi, koma amayi amene ndinajambulira ana awo akabwera kudzagula, ankasankha tomato maso ali pansi, ndipo inenso ndinkawapatsa chenji maso ali pansi.

Nthawi imeneyo mwana wanga anali m'chaka chomaliza ku yunivesite ya kuno ku Blantyre, kumene ankaphunzira masamu ndi za makompyuta. Ankayendera, kupita m'mawa kubwera madzulo. Ndi munthu wosalankhulalankhula, koma akagwira chinthu sataya, ngati bambo ake. Za vidiyo ija sanandifunse kwambiri, ndipo ndinkaganiza kuti mwina zikumuchititsa manyazi pamaso pa anzake.

Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi, anaika makakyuleta awiri patebulo. Ina anandipatsa ine.

"Amayi, ndikufuna tisewere kamasewera," anatero.

"Ine ndi masamu tinasiyana ndili Fomu 2."

"Awa ndi ochotsera ndi kuchulukitsa basi. Lembani 0.3. Ine ndilemba 0.3001. Mukuona kuti manambala athuwa ndi ofanana, kungosiyana kanthu kakang'ono kumapetoku?"

Ndinavomera. Anandiuza lamulo lake. Nambala yako uichotse ku wani, yankholo ulichulukitse ndi nambala yako ija, kenako uchulukitsenso ndi folo. Chimene chatulukacho ndiye nambala yako yatsopano, ndipo uichitenso chimodzimodzi. Tinayamba. Ine ndinapeza 0.84, iyenso anapeza 0.84 ndi timanambala tina kumbuyo. Kachiwiri tinafanana, kachitatu tinafanana. Ndinkalemba mayankho anga kumbuyo kwa kalendala yakale, iye akulemba ake pambali. Manambalawo ankangodumphadumpha, pena kukwera pafupi ndi wani, pena kugwa pafupi ndi ziro, osadziwika kuti kotsatira alowera kuti. Titabwereza kakhumi ndinaona kuti tayamba kupatukana. Titapitirira pang'ono, yanga inali kumwamba yake ili pansi, ngati sitinayambire pamodzi.

"Walakwitsa penapake," ndinatero.

"Sindinalakwitse. Ndi khalidwe lake. Yambiraninso ndi 0.3 muone."

Ndinayambiranso, ndipo manambala anga onse anabweranso mmene analili poyamba, mumndandanda womwewo, osaphonya ndi imodzi yomwe. Ndinayang'anitsitsa kalendala ija.

"Aphunzitsi athu amati keyosi," anatero, "koma tingoti chipwirikiti. Ukachiona umayesa palibe dongosolo. Koma amene akudziwa nambala yoyambira akhoza kuchibwereza chonse. Amene waiphonya pang'ono pokha amasochera."

"Ndiye zikukhudzana bwanji ndi ine?"

Anandikumbutsa chimene ndinkachidziwa kale pa ntchito yanga, kuti vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zothamangitsana, ndipo chithunzi chilichonse ndi timadontho ting'onoting'ono ta mitundu, timene umationa ukachikulitsa kwambiri. Maganizo ake anali oti manambala a chipwirikiti aja aziuza kadontho kalikonse kumene kasamukire. Ka pamphuno kapite kungodya, ka padenga katsike pansi, mpaka chithunzi chonse chitabalalika. Woti achibwezeretse akhale yekhayo amene ali ndi nambala yoyambira, ndipo nambalayo izichokera ku mawu achinsinsi amene mkwatibwi wasankha yekha. Anati imeneyi ndiyo ikhale pulojekiti yake yomalizira sukulu, ndipo aphunzitsi ake avomera kale.

Ndinamufunsa ngati kunja konseku kulibe anthu amene anaganizapo kale zotseka mafayilo. Anaseka. Anati njira zilipo, zolimba ndithu, ndipo ngakhale ya chipwirikitiyi sanayambitse ndi iye. Koma vidiyo ndi chinthu cholemera, laputopu yanga ndi yokalamba, ndipo ankafuna kuona ngati angapange chinthu chopepuka chimene iye mwini akuchidziwa mkati mwake monse. Kenako anawonjezera, osandiyang'ana, kuti watopa kundiona ndikununkha tomato.

Miyezi yotsatirayo laputopu ija inavutika. Inkatentha mpaka tinkaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Poyesera ankagwiritsa ntchito madisiki akale a bambo ake, a maukwati ndi zinkhoswe, zinthu zimene zinachitikira pagulu. Ulendo woyamba anaisiya ikusokoneza vidiyo ya mphindi zisanu pamene ndinkapita kumsika m'mawa, ndipo pobwera kudzadya nkhomaliro ndinaipeza isanamalize. Magetsi akathima pakati, poti batire lake linali lakufa kale, zonse zinkayambiranso. Sankadandaula. Ankangotenga kope n'kukhala pakhonde, kumalemba timizere take mpaka magetsi atayaka.

Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinamupeza akundidikirira pageti. Anandilandira beseni, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, n'kundikokera m'nyumba. Anati zatheka, ndipo aphunzitsi ake aona kale n'kumuyamikira. Anatsegula vidiyo. Pa sikirini panangooneka mchenga wokhawokha ukuwira, ngati TV ya kale ikakhala yopanda eriyo. Panalibe nkhope, panalibe nyumba, panalibe chilichonse choti munthu n'kuloza.

"Mukuona chiyani, amayi?" anafunsa, akumwetulira.

Ndinakhala pampando n'kuyang'anitsitsa. Sindinkafuna kupeza cholakwa, ndinkangosirira. Koma maso amene akhala kumbuyo kwa kamera zaka zambiri ali ndi chizolowezi chawo. Patapita kanthawi ndinati, "Uwu ndi ukwati wa ku Chilomoni uja, wa aphunzitsi awiri aja."

Kumwetulira kuja kunazima. "Mwaona dzina la fayilo?"

"Sindinaone dzina. Taona mchenga wakowu, wachuluka pepo ndi zoyera. Ukwati umene operekeza anavala pepo, holo n'kuikongoletsanso ndi pepo, unali umodzi wokha. Ndipo apa mchenga wadekha, ndiye kuti abusa akulalikira, anthu akhala phee. Dikira uone."

Tinadikira. Mchenga uja unayamba kugwedezeka, kugunda ngati mtima.

"Apa ayamba perekaniperekani, anthu akuvina. Posachedwa pada pang'ono, chifukwa bambo ako analozetsa kamera pansi, mayi wina atakodwa ndi waya."

Sipanathe mphindi, sikirini inada n'kuyeranso.

Anasankha madisiki ena anayi, n'kundiuza kuti nditembenukire kukhoma pamene ankawakonza. Madzulo a tsiku lotsatira anandionetsa imodziimodzi. Atatu ndinawatchula bwinobwino. Yachinayi ndinalephera kudziwa mwini ukwati, koma ndinamuuza kuti unachitikira panja, pa kapinga, ndipo kunali mitambo. Anatseka laputopu n'kutuluka. Ndinamuona akukwera njira yopita chakuphiri, manja ali m'matumba a juzi. Ndinadziimba mlandu. Ndinaganiza kuti mwina ndikanangoti zili bwino, mwana amalize sukulu yake mumtendere.

Anabwera dzuwa lisanalowe. Anakhala pa mpando wa bambo ake n'kunena kuti, "Ndinangosuntha timadontho, koma sindinatisinthe mtundu. Pepo watsala pepo. Ndiponso zithunzi zonse ndazisokoneza mofanana, ndiye chimene chaima m'vidiyo chaimanso mumchengamo, chimene chikuvina chikuvinanso."

"Pepa, mwananga."

"Musapepese. Zikanakhala bwanji akanazindikira ndi wa kumsika uja?" Kenako anati, "Mawa ndikawauza aphunzitsi kuti chimene anayamikira chija chathyoledwa ndi mayi wogulitsa tomato."

Anakawauzadi. Pobwera anati aphunzitsiwo anaseka mpaka kuvula magalasi, kenako anamuuza kuti zimenezo azilembe m'lipoti lake, chifukwa ndiye phunziro lenileni.

Anayambiranso. Tsopano chipwirikiti chinakhala pawiri, china chosamutsa timadontho, china chosintha mtundu wa kadontho kalikonse, ndipo kusinthako kunkadaliranso kadontho kamene kasinthidwa kumbuyo kwake. Chithunzi chilichonse chinkalandira manambala akeake, osabwereza a chinzake. Ine ndinasanduka woyesa. Ndikangofika kuchokera kumsika, ndisanasambe n'komwe, ndinkamva, "Amayi, bwerani mudzalosere." Ndinamugonjetsanso kawiri. Ulendo wina anaiwala kuti mawu nawonso amaulula. Anali atawasokoneza ndithu, ankangomveka ngati mvula padenga la malata, koma mvulayo inkakula ndi kuchepa motsatira ng'oma, ndipo ndinazindikira nyimbo ya kwaya imene inkaimbidwa. Ulendo wina m'mphepete mwa sikirini munatsala kamzere kamene sikanasokonezeke bwino, ndipo ndinaonamo mtundu wa khoma la holo ina ya ku Ndirande. Iye ankangoti, "Chabwino," n'kubwerera ku kope lake.

Kenako linafika tsiku limene ndinayang'ana mpaka maso anatuluka misozi. Mchenga unali wotuwa ponseponse, wowira mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mawu anali phokoso limodzi losakwera losatsika. Anandionetsa mavidiyo asanu ndi limodzi. Sindinathe kusiyanitsa ukwati ndi maliro. Atalemba mawu achinsinsi, mchenga uja unasanduka chinkhoswe changa chomwe, chimene mnzawo wa amuna anga anatijambula kalekale, ine ndili wowonda, nditagwada ndi lichero m'manja. Anasinthako chilembo chimodzi chokha pa mawu aja n'kuyesanso, ndipo panabwera mchenga basi.

Tsiku loonetsa mapulojekiti makolo ankaloledwa kukaonerera. Ndinasiya tomato ndi mnzanga wa benchi yoyandikana nayo, n'kuvala chitenje changa cha pa zikondwerero. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Anzake anaonetsa zinthu zosiyanasiyana, ndipo Chingerezi chake chinali chothamanga moti ndinkangotolapo mawu apa ndi apo. Itafika nthawi yake, mwana wanga anaimirira ndi siketi yakuda imene tinasita limodzi m'mawa. Anaonetsa ukwati wa pepo uja, anaonetsa mchenga woyamba, kenako wachiwiri. Pakati pa oyesa panali bambo wina wachikulire wa imvi, wochokera ku sukulu ina, amene ankafunsa mafunso ovuta kwa aliyense. Anamufunsa kanthu, iye anayankha, kenako ndinangoona mwana wanga akuloza kumbuyo, ndipo holo yonse inatembenuka kuyang'ana ine. Ndinagwira chikwama changa mwamphamvu. Anthu anaomba m'manja, ine osadziwa kuti ndiimirire kapena ndikhale.

Zitatha, bambo wa imvi uja anabwera pamene ndinaima, n'kundipatsa moni wa manja awiri.

"Mayi, akuti ndinu amene munathyola loko woyamba. Munaona chiyani kwenikweni?"

Ndinawafotokozera za pepo, za ulaliki ndi perekaniperekani, za mvula yotsatira ng'oma. Ankamvetsera mutu uli chopendekera, ndipo zina analemba m'kabuku kawo. Anati ophunzira ambiri amayesa ntchito yotere ndi manambala okhaokha, osaipatsa munthu wodziwa mavidiyo kuti aione. Kenako anatembenukira kwa mwana wanga n'kumuuza m'Chinyanja, kuti nanenso ndimve, kuti maso a amayi ake akalephera sizitanthauza kuti kompyuta ya wakuba ilepheranso. Anati njira za chipwirikiti zambiri zimaoneka zolimba mpaka atazipeza akatswiri othyola, choncho ngati akufuna kusungira anthu zinsinsi zenizeni, aphatikizepo loko wina mwa amene anayesedwa kale ndi anthu ambiri kwa zaka zambiri. Ine mawu amenewo anandiwawa pang'ono, ndinaona ngati akuchepetsa ntchito ya mwana wanga. Koma iye anagwedeza mutu n'kunena kuti anali ataganiza kale zomwezo. Anakhoza bwino kwambiri. Ndipo mwezi wotsatira, asanapeze ntchito, anakhala pansi n'kuphatikiza maloko awiriwo, n'kupanganso kapulogalamu ka pafoni kongoonetsa vidiyo koma osasunga yotsegula.

Chotsala chinali kupita ku Chilobwe. Ndinazengereza milungu iwiri, mpaka mwana wanga ananyamula yekha laputopu ndi kamera n'kunena kuti tiyeni. Anamkungwi anatilandira bwino, koma ataona chikwama cha kamera nkhope inasintha. Mwana wanga anagwada pafupi nawo n'kufotokoza pang'onopang'ono, osatchula masamu. Anapempha kuti ndiwajambule mphindi imodzi yokha, atakhala pakhonde pomwepo, akunena chilichonse chimene akufuna. Anamkungwi anakana kawiri, kachitatu anati, "Jambula msanga." Ananena pemphero la Atate Athu m'Chisena. Kenako mwana wanga anawapempha kuti asankhe mawu amene sadzauza munthu, ndipo ife tinatembenuka pamene mpongozi wawo wamkazi ankawathandiza kupeza zilembo. Vidiyo itatsekedwa tinawaonetsa mchenga uja.

"Ndili mmenemu ine?" anafunsa.

"Muli momwemo, agogo."

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa funso limene ngakhale bambo wa imvi uja sanafunse. "Nanga mkwatibwi akatsegula yekha n'kuitana anzake kuti adzaone? Kapena wina n'kujambula ndi foni yake zimene zikuoneka pa foni ya mnzake?"

"Pamenepo masamu alibe mphamvu, agogo," anayankha mwana wanga.

"Eya. Pamenepo ndi ntchito yanga." Anatambasula dzanja. "Ndisiyireni kafulashi kanuko sabata imodzi."

Zimene anachita nako tinazimva kwa iwo eni. Anavala mpango wawo, n'kuzungulira nako m'misika, kwa anthu oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Paliponse ankadzipusitsa, kunena kuti mwana wawo wa ku Joni wawatumizira vidiyo ya zidzukulu, chonde awatsegulire. Wa ku Chilobwe anati fayiloyo ndi yakufa. Wa ku Zingwangwa anati yadyedwa ndi vayirasi, ndipo anafuna kufufuta zonse kuti awaikiremo nyimbo za kwaya. Anafika mpaka ku Limbe, kwa bambo wina amene amatchuka kuti palibe foni yomukanika. Iyeyo anakhala nako masiku awiri, n'kuwabwezera akupukusa mutu.

Lachinayi la sabata yotsatira ndinawaona akulowa pageti panga, koyamba chiyambireni kudziwana kwathu. Ndinawayalira mkeka, koma anati sakhalitsa.

"Loweruka kuli chilangizo ku Manje," anatero. "Ubwere ndi kamera yako. Koma mawu otsegulira azisankha mkwatibwi ine ndili pomwepo, iwe utatuluka panja. Ndipo ndisanayambe kuvina ndiyamba ndamulangiza za foni."

Loweruka limenelo ndinakwera mtunda wa ku Manje wapansi, chikwama cha kamera chili paphewa, ndipo sindinapume panjira ngakhale kamodzi. Anamkungwi ena anatsatira mmodzimmodzi. Benchi ya tomato ndinaisiyira mnzanga uja.

Mwana wanga anapeza ntchito ku Lilongwe, yoteteza makompyuta a kampani ina kwa akuba. Asanapite anandiphunzitsa zonse, kundilembera masitepe m'kope ndi zilembo zikuluzikulu. Masiku ano akamakamba za pulojekiti ija amati inali ya chibwana, akanati ayambirenso akanaichita mwanjira ina. Ine ndimamuuza kuti azinena zimenezo kwa anzake a kuofesi, osati kwa ine.

Chaka chatha kunabwera bambo wina kunyumba kuno, wovala bwino, galimoto ataimika kumsewu. Anatulutsa memori khadi m'chikwama cha ndalama n'kunena kuti ndi ya akazi ake, ndipo akufuna ndimutsegulire vidiyo ya chilangizo chawo. Anati akufuna amve zimene amayi aja anawauza akazi akewo, chifukwa chikwatiraneni akhala akumuyankha kuti, "Anandilangiza choncho."

"Akazi anu akudziwa kuti khadiyi ili kuno?" ndinafunsa.

Anayang'ana kumbali. Kenako anati iye ndi mwamuna wake, ndipo zonse za pa ukwatiwo anakonza ndi iye.

"Bambo, ngakhale nditafuna sindingathe," ndinamuuza. "Mawu otsegulira ali ndi akazi anu okha. Ine ndilibe, anamkungwi sangakuuzeni, ndipo amene anapanga lokoyu, mwana wanga wobereka ndekha, nayenso sangatsegule."

Sanakhulupirire. Anati chinthu chopangidwa ndi munthu sichingakanike munthu, ndipo akudziwa anthu m'tauni muno amene angachite zimenezo pa ola limodzi. Ndinamuuza kuti apite, ndipo ndinamulozeranso kwa bambo wa ku Limbe uja kuti asataye nthawi kufunafuna.

Patatha milungu itatu ndinakumana ndi akazi ake ku chinkhoswe ku Bangwe. Anandikokera pambali, kuseri kwa tenti, akudziletsa kuseka. Anati amuna awo anabweza khadi ija okha, anaiika pa tebulo la kuchipinda n'kuvomera kumene anapita nayo. Atakambirana, mayiyo anawauza kuti ngati akufunadi kudziwa zimene analangizidwa, akhale pansi awafotokozere ndi pakamwa zimene mwamuna ayenera kumva, zinazo ayi.

"Ndiye anakhala pansi?" ndinafunsa.

"Anakhala, asisi. Mpaka tiyi anapanga okha."

Ndinamuimbira foni mwana wanga madzulo ake n'kumufotokozera. Anaseka, kenako anandifunsa ngati laputopu ikutenthabe, ndipo anati mwezi wamawa akubwera ndi ina yatsopano.